Masipika akale kapena amakono: zimene ndimaona ndisanapikule

Achimwene, mwafunsa mmene malonda a masipika ochokera kunja amayendera, komanso ngati mpamba wanu muuike pa aja akale a mabokosi athabwa kapena amakono a Bluetooth.

Katundu wambiri ndi wa ku China. Timakapikula ku Kariakoo ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, kapena ku Johannesburg n'kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Mwanza kapena Dedza. Pachipata musadalire STR ya COMESA, ndondomeko yopeputsira amalonda ang'onoang'ono msonkho ndi mapepala, chifukwa ija ndi ya katundu wopangidwa m'maiko a mgwirizanowo. Sipika ya ku China mumailipirira msonkho ku MRA, ndiye malisiti muzisunga bwino, msonkhowo muuwerengeretu musanatchule mtengo.

M'kati mwa sipika simunasinthe kwenikweni chiyambire 1925, pamene akatswiri Rice ndi Kellogg a ku kampani ya General Electric ku America anatulutsa kapangidwe kake: koilo, maginito ndi chipepala chonjenjemera chija. Chasintha ndi maginito ndi ampu, makina okweza mawu aja. Yakale ili ndi maginito a ferrite, chimkombero chakuda kumbuyo, cholemera mpaka kuwawitsa msana, ndipo ampu yake imakhala payokha. Zamakono zabwino zili ndi neodymium, maginito aang'ono koma amphamvu amene anatulukira m'zaka za m'ma 1980, ndi ampu ya class D yomangidwira m'bokosi momwemo. Ampuyi sitentha kwambiri ndipo sidya moto wambiri, n'chifukwa chake imatha kuyendera batire.

Kwa ife apamsewu, kulemera ndi ndalama. Pamalo a bokosi limodzi la mainchesi 15 mubasi pamakwana timasipika tambiri ta Bluetooth, ndipo timatha msanga. Amaokala, ogulitsa kaunjika ndi alaliki a pamsika amafuna yonyamulika, yolowa memori khadi, yoimba ngakhale magetsi atazima.

Koma ine mtima wanga uli pa zakale, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: zimakonzeka kwathu kuno. Koilo ikapsa, mmisiri wa ku Ndirande kapena ku Mchesi amaizenganso ndi waya watsopano, kumata chipepala, Lamulungu sipika ili kutchalitchi. Yamakono bolodi ikapsa kapena batire likafufuma, sipeya wake mumsaka mpaka kutopa, ndipo kasitomala amabwera nayo pakhomo panu. Amene anasonkha ndalama za mpingo miyezi yambiri sindingamugulitse chinthu chosakonzeka. Choncho mipingo ndi oimba pa maukwati ndimawapatsa mabokosi ndi ampu yapadera. Za Bluetooth ndimatenga mitundu yochepa yomwe ndikudziwa kopeza mabatire ndi matchaja ake.

Popikula musakopeke ndi manambala a pakatoni. Akalemba PMPO, mphamvu ya kamphindi chabe, ya mawatsi masauzande, n'zokometsera malonda, funsani RMS, mphamvu imene sipika imaimba nayo mosalekeza. Musalipire musanaimve. Zimitsani, kenako kanikizani chipepalacho pang'onopang'ono ndi zala mozungulira pakati. Mukamva kukhwekhwereza, koilo ikukhula maginito, isiyeni pomwepo. Yabatire muichotse ku magetsi, iimbe payokha kwa kanthawi mukuyang'ana zina m'sitolomo.

Pomanga katundu, mabokosi awiri aziyang'anizana kumaso ndi katoni pakati, kuti chitsulo chisaboole chipepala panjira. Ulendo woyamba tengani zochepa za mitundu yonse iwiri, ndipo musanakwere basi mukhale mutagwirizana kale ndi mmisiri wokonza wa kudera kwanu.