Kodi ndingasinthe ndekha sensa ya MAF? Mungathe, koma musaigule kaye

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina amene ali ndi Toyota ya injini ya 1.5, ija ya 1NZ-FE. Akuti nyali ya check engine yayaka, galimoto ikaima injini imanjenjemera ngati izima, ndipo akaponda moto imayamba yatsamwa kaye isanathamange. Mafutanso ikumwa kuposa kale. Mnzawo analumikiza kamakina kowerengera mavuto a galimoto ndipo kanatulutsa nambala ya vuto yakuti P0171. Wina wawauza kuti sensa ya MAF, imene imayeza mpweya wolowa mu injini, yafa. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndingathe kuisintha ndekha, kapena ndipite nayo kwa makaniko?"

Bambo, mungathe ndithu. Pa injini yanuyo ndi ntchito ya mphindi khumi, yongofuna sikuludiraiva imodzi ndi manja odekha. Chimene chikundidetsa nkhawa ine n'chakuti mungataye ndalama kugula sensa yatsopano pomwe yakaleyo ilibe mlandu. P0171 sikutanthauza kuti MAF yafa. Ikungonena kuti mu injini mukulowa mpweya wambiri poyerekeza ndi mafuta, ndipo kompyuta ya galimoto yayesetsa kuwonjezera mafuta mpaka yafika pamapeto. Manambala amene amaloza MAF yeniyeniyo ndi P0100 mpaka P0104.

Ndifotokoze pang'ono ntchito ya kachipangizoka, chifukwa mukaimvetsa zina zonse zikhala zosavuta. Injini ya petulo imafuna pafupifupi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya mafuta. Kuti kompyuta idziwe mafuta oti ithire, iyenera kudziwa kaye kuchuluka kwa mpweya umene walowa. N'chifukwa chake MAF imakhala pakati pa fyuluta ya mpweya ndi throttle, kachitseko kamene kamatsegukira mpweya mukaponda moto. Mkati mwake muli kawaya kakang'ono kwambiri kamene kamatenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndiye sensa imawonjezera magetsi kuti kakhalebe kotentha chimodzimodzi. Mpweya ukachuluka, magetsi ofunika amachulukanso, ndipo kompyuta imawerengera pamenepo magalamu a mpweya amene akulowa pa sekondi iliyonse. Tsono kawayako kakakutidwa ndi fumbi kapena mafuta, kamakhala ngati kavala bulangeti. Mpweya sukakhudza bwino, kamauza kompyuta kuti mpweya ndi wochepa, kompyuta n'kuthira mafuta osakwanira.

Koma vuto lomwelo limabweranso mpweya ukamalowa mozemba, kudzera pamalo amene ali pakati pa sensa ndi injini, sensa osauwerenga. Apa ndiye pamene ambiri amasochera. Tsegulani boneti, gwirani paipi yakuda ya rabala imene imachoka pa bokosi la fyuluta kupita ku throttle, muipinde pang'ono ndi dzanja muyang'ane m'makwinya mwake, makamaka kunsi kumene maso safika. Mng'alu wa m'makwinya suoneka paipi ikangokhala, umayasama mukaipinda. Yang'ananinso timapaipi ting'onoting'ono topita ku manifold (chipaipi chimene chimagawira mpweya m'masilinda a injini), ndi zomangira za kumapeto kwa paipi yaikuluyo ngati zili zothina. Injini ikulira, tcherani khutu ngati pali phokoso lofwenthera.

Ngati kamakina ka mnzanuko kamaonetsa manambala injini ikulira, mwapeza poyambira pabwino kwambiri. Yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba ndi MAF: injini yaing'ono ngati yanuyo ikatentha, galimoto itaima, AC yozimitsa, imawerenga pafupifupi magalamu 2 kapena 3 pa sekondi, ndipo nambalayi iyenera kukwera msanga ndi mosadumphadumpha mukaponda moto. Chachiwiri ndi LTFT, imene imaonetsa kuchuluka kwa mafuta amene kompyuta ikuwonjezera. Ikapitirira +10 pa 100, chilipo chalakwika. Ngati ili pamwamba galimoto itaima koma n'kutsika mukakweza injini kufika 2500 rpm, kawirikawiri ndi mpweya wolowa mozemba. Ngati ili bwino galimoto itaima koma n'kumakwera mukamathamanga kapena pokwera chitunda, kayikirani MAF yakuda kapena pampu ya mafuta yofooka. Ine kuyeza kumeneku ndimakukhulupirira kuposa njira ija yozula pulagi ya sensa n'kuona ngati injini ikulira bwinoko. Njira imeneyo imathandiza nthawi zina, koma imanamizanso, pakuti mukazula pulagi kompyuta imangogwiritsa ntchito manambala osungidwa kale ndi kuthira mafuta ochulukirapo, zimene zimabisanso vuto la paipi yong'aluka.

Paipi zikakhala zabwino, yambani mwatsuka sensayo. Zimitsani galimoto, chotsani kiyi, dinani kachala ka pulagi ya mawaya asanu imene ili pa sensa n'kuikoka pogwira pulagiyo, osati mawaya. Masulani zomangira ziwiri zimene zagwira sensa pa chivundikiro cha fyuluta. Apa kanikizani sikuludiraiva mwamphamvu musanapotokole, chifukwa mitu ya zomangira za galimoto za ku Japan imasiyana pang'ono ndi Phillips ndipo sichedwa kudyeka. Kokani sensa molunjika. Mudzaona kamkanda kooneka ngati dontho la uchi kali pambali, poyera. Ambiri amatsuka kameneka n'kuganiza kuti amaliza, pomwe ako ndi koyezera kutentha kwa mpweya chabe. Timawaya teniteni tili mkati mwa dzenje, ndipo muyenera kusuzumiramo ndi tochi kuti mutione. Popanda dothi timawala ngati siliva. Tikada timaoneka ngati tamera ubweya wotuwa.

Gwiritsani ntchito mankhwala opopera amene analembedwa kuti ndi a MAF basi. Otsukira kabuleta ndi aukali, amatha kuwononga pulasitiki ndi zamagetsi za mkati, ndipo WD-40 imasiya mafuta amene fumbi limakakamirapo. Poperani kangapo muli chapatali pang'ono, musakhudze timawayato ndi burashi, thonje kapena chala, ndipo musapemererepo mpweya wa kompulesa. Isiyeni iume yokha kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu musanabwezeretse. Nthawi yomweyo yang'anani fyuluta ya mpweya. Ngati yang'ambika, yakhala mopendekeka, kapena ndi ija yopaka mafuta ndipo anaipaka ochuluka, gwero la dothi ndi limenelo, ndipo sensa yatsopano idzadanso chimodzimodzi.

Tsopano tinene kuti mwatsuka, paipi zili bwino, koma manambala akadali olakwika. Apo gulani ina. Werengani nambala yolembedwa pamwamba pa sensa yakaleyo ndipo mugule ya nambala yomweyo. Masensa ambiri amafanana maonekedwe, pulagi n'kulowa bwinobwino, koma anawachuna mosiyana molingana ndi injini. Pa Toyota wopanga wake ndi Denso. Pa galimoto zambiri za ku Germany mudzapeza Bosch, ndipo pa Nissan kawirikawiri ndi Hitachi. Chonde, pa chinthu ichi musathamangire zotchipa zopanda dzina. Ine ndinagulapo ina yotero kwa wogulitsa wina, yokongola m'bokosi mwake, koma nditaimanga injini inkalira moipa kuposa kale, utsi wakuda uli tolotolo. Ndinatha masiku awiri ndikufufuza kwina, chifukwa m'mutu mwanga ndinali nditatsimikiza kuti sensa ndi yatsopano, singakhale ndi vuto. Ndinazindikira nditabwezeretsa yakale ija.

Kumanga kwake n'kosavuta. Onetsetsani kuti kamphete ka rabala kali m'malo mwake ndipo kakale sikanatsalire m'dzenje. Lowetsani sensa molunjika popanda kukakamiza. Mangani zomangira mpaka zigwire basi, pakuti zikuluma pulasitiki ndipo mukathinitsa kwambiri mazinga amatha. Kankhani pulagi mpaka mumve kuti yati "kha". Owerenga ena amene galimoto zawo zili ndi sensa yobwera ndi chipaipi chake chonse, yang'anani kamuvi kojambulidwa pambali: kaloze kumbali ya injini. Zina za Bosch zimamangidwa ndi zomangira za Torx zokhala ndi kamsomali pakati, zofuna kiyi wake wapadera. Ndipo musalize galimoto pulagi ili yozula, chifukwa mudzangodziwonjezera manambala ena a mavuto, P0102 ndi P0113.

Mukamaliza, fufutani P0171 ndi kamakina kaja. Kuchotsa waya wa negative pa batire kwa mphindi zingapo kumachitanso chimodzimodzi pa galimoto ngati yanuyo, kungoti wotchi ndi wailesi zidzaiwala zimene munachuna. Lizani injini, isiyeni itenthe osaponda moto, kenako yendani nayo mtunda wosakaniza, pang'onopang'ono ndi mothamanga. Tsiku loyamba ikhoza kulira mosakhazikika pang'ono pamene kompyuta ikuphunziranso, zimenezo zisakuopseni. Pakapita masiku awiri kapena atatu werenganinso LTFT. Ikatsika kufika pafupi ndi 0, kapena mkati mwa 5 pa 100 mbali iliyonse, vuto latha. Ikakhala ikadali pamwamba, otsala oti muwakayikire ndi gasiketi ya manifold, pampu ya mafuta, ma injector (topoperera mafuta mu injini) otsekeka ndi sensa ya oxygen ya pa ekizozi. Zikafika pamenepo mundilemberenso, munditumizire manambala a MAF ndi LTFT galimoto itaima komanso pa 2500 rpm, tione limodzi koyambira.