Kachipangizo koyezera pH kakayamba kunama

Mlimi wina wafunsa kuti: "Alangizi, kachipangizo kanga koyezera asidi m'nthaka kankagwira bwino nditangokagula. Pano nambala imachedwa kukhazikika, ndipo dothi lomwelo lero likuonetsa 5.6, mawa 6.4. Kodi kafa?"

Bambo, musafulumire kukataya. Kawirikawiri vuto limakhala pa khungu la nsonga yake, imene akatswiri amaitcha elekitirodi. Kachipangizoka kamangomva zimene zamatirira pansongapo, basi.

Mukasungunula dothi m'madzi, michere yake imagawikana kukhala tizidutswa tonyamula mphamvu ya magetsi, totchedwa ma ayoni. Tina ndi ta pozitivi, monga haidirojeni, potaziyamu ndi kashiamu. Tina ndi ta negetivu, monga naitireti. Nsonga ija nayo ili ndi mphamvu yake, ndiye imakoka tizidutswa tosiyana nayo. Toyamba timafola mzere mothinana pakhungu penipeni, totsalato timayandama kumbuyo mobalalika. Katswiri wa sayansi Hermann von Helmholtz ndiye anayamba kufotokoza mzere wothinanawo mu 1853, Gouy mu 1910 ndi Chapman mu 1913 anaonetsa za kubalalika kuja, ndipo Otto Stern anagwirizanitsa zonse mu 1924. Kachikutiro konseko nkopyapyala kuposa tsitsi maulendo masauzande, koma nambala yanu imachokera pomwepo.

Kababu kagalasi ka kunsonga kamagwira ntchito kakakhala konyowa. Kunja kwake kumafewa pang'ono, haidirojeni nkumalowa ndi kutuluka, ndipo pH (nambala yoonetsa kuchuluka kwa asidi ija) ikasuntha ndi 1, mphamvu imasintha ndi mamilivoti (timiyezo tating'ono ta mphamvu ya magetsi) pafupifupi 59 pa kutentha kwa madigiri 25. Tsono manyowa osungunuka ndi mafuta a m'manja akamatirira pagalasipo sachoka okha, amatseka malo a haidirojeni. Dongo nalo limatseka kabowo kakang'ono ka m'mbali. Kuchedwa mukudandaulako nkumeneko.

Mukangotha kuyeza, tsukuluzani nsonga ndi madzi a distilled (madzi ochotsedwa mchere wonse), kenako igunditseni pa pepala lofewa. Osapukuta mokhula ayi. Posunga, muzisiya madzi a potassium chloride (mchere wa potaziyamu) m'kachivundikiro kake. Ambiri amasungira m'madzi a distilled poganiza kuti ndi ukhondo, osadziwa kuti madziwo amayamwa mchere wa m'kati mwa elekitirodi. Ngati nsonga inauma, inyikeni mu potassium chloride usiku wonse, m'mawa muikonze ndi madzi oyesera a pH 7 ndi pH 4. Ikakanabe, apo ndiye yathadi. Tizipangizo tija tamiyendo yachitsulo tosafuna batire timachita dzimbiri, timafuna kukwecha pang'ono musanabaye; ine sindingagule laimu podalira timeneto tokha.

Mayi wina naye wafunsa chifukwa chake feteleza wobereketsa amatha msanga mvula ikachuluka.

Mayi, nkhani yake ndi yomweyi. Tinjere ta dongo ndi manyowa owola tili ndi mphamvu ya negetivu, choncho timagwira potaziyamu, kashiamu, maginiziyamu ndi amoniyamu, mizu nkumadzatenga pang'onopang'ono. Urea amasanduka amoniyamu, kenako tizilombo ta m'nthaka timamusandutsa naitireti. Naitireti ndi wa negetivu, dongo limamukankha, ndiye amapita ndi madzi kunsi kumene mizu sifika. Mu dothi lamchenga zimanyanya, poti malo ogwirira ndi ochepa. Fosifolasi ndiye amachita kunyanyira mbali inayo: m'dothi la asidi amakakamira pa ayironi ndi aluminiyamu mpaka mbewu kulephera kumulanda, nchifukwa chake timati muyambe mwadziwa pH musanaonjezere thumba lina.

Feteleza wobereketsa mugawe kawiri m'malo mothira kamodzi, mukwirire, ndipo mukaona kuti kukubwera chimvula, dikirani chidutse. Manyowa muzithira chaka ndi chaka, makamaka kumbali yamchenga ya munda wanu.