Za kapenta ndi bakayawo wa ku Cahora Bassa

Mphwanga, wandifunsa kuti geni ya nsomba za ku Zambezi imayenda bwanji, ati ukufuna utsikeko ukaone mtsinjewo, ukakonda uyambe kupikula. Kukaona pita. Koma mpamba usiye ku Ulongwe konkuno, chifukwa munthu akangoona kapenta atayanikidwa pa thandala mutu umazungulira, amayamba kuwerengera phindu nsomba isanalowe m'thumba.

Ine ndinayamba ndi mbatatesi. Ndimakweza matumba kuno ku Angónia, ku Mozambique, kutsika pa Mussacama, Moatize, mpaka Tete, ndipo pobwerera sindinkafuna kukwera chimanjamanja. Anthu a kumtunda kuno timadziona ngati alimi enieni, koma ukafike ku Tete mu Okutobala, kutentha kopitirira madigiri 40, mitengo yonse mbuu kupatula milambe, mbuzi zikudya masau ogwa pansi. Kenako m'mbali mwa mtsinje uone madimba obiriwira, chimanga, mbatata, tomato, zodzalidwa m'matope amene madzi asiya. Eni madimbawo amagona m'misasa, usiku wonse kumenya zitini kuingitsa mvuu. Mayi wina Mnyungwe amene ndimagula tomato kwa iwo anandionetsa munda umene mvuu imodzi inamweta usiku umodzi, ngati wadutsapo ndi chikwakwa. Ndipo iwe wozolowera kusamba m'timitsinje takwathu, kumeneko usaviike ngakhale phazi pamalo pamene eni ake sakutungapo. Ng'ona za ku Zambezi sizifunsa kuti ndiwe mlendo.

Nsomba zenizeni zili kumtunda, ku nyanja ya Cahora Bassa imene inabadwa atatseka mtsinje ku Songo mu 1974. Umadzera ku Chitima. Kapenta amamugwira usiku ndi nyali, m'mawa n'kumuyanika. Pende, amene ali ngati chambo, amamung'amba n'kumuthira mchere, ndiye bakayawo amene amayi a ku Dedza ndi ku Lizulu amamulimbirana. Pa zaka zonsezi makasitomala anga sanandibwezerepo thumba, kupatula chaka chimodzi.

Januwale 2022. Ndinali nditatenga ngongole ku banki mkhonde ya mayi a kunyumba, n'kuwonjezera ya katapila, chifukwa nyengo ya dzinja ndiwo zimasowa ndipo mtengo wa kapenta ku Malawi umakwera. Ndinafika kugombe kumwamba kutachita mdima. Mnyamata wogulitsa anandiuza kuti nsomba yauma, ndipo ndinapisa dzanja pamwamba pa thumba, ndinamva kuti tswatswa, basi ndinakhulupirira. Ine, munthu amene ndimaphunzitsa anzanga kuti thumba ulikhuthule pansi, ufinye nsomba ya pakati, ikapindika osathyoka uisiye! Tsiku limenelo ndinali pa changu, lole inkanyamuka. Matumba 18. Ndinalipira madzi pa mtengo wa nsomba, chifukwa kapenta wosauma amalemera pa sikelo.

Tisanafike ku Tete mvula ya namondwe Ana inatipeza. Tenti ya lole inali yobooka. Pofika mu mzinda tinamva kuti mlatho wa pa Revúbuè, wolowera ku Moatize, waduka. Magalimoto anaunjikana, aliyense kufunafuna podutsira, ndipo dalaivala wathu anangozimitsa injini n'kukagona. Masiku atatu, mphwanga. Kunja chinyezi, m'matumba kutentha. Ukaika dzanja pa thumba umamva kufunda ngati mwana wodwala malungo.

Titadutsa, pa chipata china cha pamsewu, sinditchula pati, bwana wina wa yunifolomu ananunkhiza katundu n'kumwetulira. Mapepala anga onse anali bwino, koma iye ati chidindo sichikuoneka. Chingaoneke bwanji pepala litanyowa? Ndinamupempha m'Chipwitikizi, ndinamupempha m'Chichewa, chimene amachimva bwino lomwe ngakhale ankadziyesa wosamva. Iye akungoti refresco, refresco, kutanthauza ya fanta, ngati ndi mwana waludzu. Ndinaumira maola asanu chifukwa cha mkwiyo, dzuwa litatuluka likuphika matumba, mapeto ake ndinaperekabe. Mpaka lero ndikamuona munthu ameneyo pamsewu malovu amandiwawa. Amadya thukuta la anthu atakhala pa mpando pamthunzi, nsapato zopolishidwa.

Titamasula kwathu, matumba 11 anali phala lonunkha, mphutsi zili yakaliyakali. Ndinagulitsa kwa woweta nkhumba pa mtengo wosakwana ndi thiransipoti yomwe. Otsalawo ndinayanikanso pa mphasa, ana akuingitsa agalu, koma anali atada, ndipo mayi wina amene ndinkamupatsa katundu zaka zisanu ndi ziwiri anandibwezera matumba awiri pamaso pa anthu. Zinandipweteka kuposa ndalama. Wakatapila anabwera kudzatenga ng'ombe yanga ya pangolo, ndipo mayi a kunyumba anakhala miyezi itatu osapita ku msonkhano wa gulu lawo chifukwa cha manyazi. Ndinadzuka ndi mbatatesi zomwe zija, thumba limodzi limodzi, ndipo pofika 2023 ng'ombe ndinagula ina. Anzanga awiri amene tinali nawo pa lole imodzi anasiyiratu, wina pano amayendetsa kabaza.

Ndalama usinthe kwa munthu amene ukumudziwa nyumba yake. Anyamata osintha ndalama oima pa malire a Malawi ndi Mozambique aja zala zawo n'zachangu kuposa maso ako, amawerenga metikali kawiri iwe ukuona, pofika kutsogolo mapepala awiri palibe. Kwacha imagwa nthawi ina iliyonse, ndiye ukagulitsa ku Dedza usagone nayo sabata. Za njira zamadulira zozemba chipata cha malire cha pa Calomue usandifunse, ndinaziyesa ndili mnyamata, ndipo wanjinga amene anandinyamulira katundu sindinamuonenso, katunduyonso ayi.

Bakayawo amapirira kuposa kapenta, koma naye ali ndi bodza lake. Ena amamuunjikira mchere kuti alemere. Ummenye pa bondo, uone mchere umene ukugwa, ndipo ununkhize ku mutu osati ku mchira.

Poti wati ukufuna kuona mtsinje, ukaime pa mlatho wa Samora Machel mu mzinda wa Tete dzuwa likamalowa, madzi atafiira, mabwato akubwerera. Malole olemera masiku ano amadzera pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014, ndiye pa wakalewo udutse wapansi, umve mmene umanjenjemerera galimoto ikamadutsa. Ine ndikutsika Lachiwiri ndi mbatatesi. Ukafuna tiyeni, koma udzanyamula matumba, ndipo ubwere ndi chipewa ndi botolo lalikulu la madzi, chifukwa sindikugulira.