Za konekita ya KX 155 ija

Achimwene, mumafunsa komwe mungapeze konekita ya KX 155, wailesi ya mu ndege ya kampani ya Bendix/King. Musavutike kusaka konekita payokha, gulani tray yonse yakale (kabokosi kamene wailesi imalowamo mu ndege) kwa ogulitsa zida za ndege zophwasula ngati Wentworth Aircraft kapena BAS Part Sales ku America, nthawi zambiri imabwera ndi konekita yake kumbuyo. Part number ili mu installation manual ya Bendix/King, yambirani pamenepo.

Ma pin okha (tizitsulo ta mu konekita togwira mawaya) gulani atsopano, ndi a kampani ya Molex. Ine ndinabwezerapo akale nkuwafinya ndi pulayazi, aaa wailesi inkangodukaduka injini ikangolira, pomasula ndinapeza pin imodzi yakhwefuka waya wake ukungogwedera. Pamafunika crimper yake yeniyeni basi, chida chofinyira ma pin pa waya.

Koma zolumikiza ndi kusaina mu logbook musiyireni injiniya wa avionics (zamagetsi za mu ndege) wa laisensi, musapange nokha.