Mpando wa pazenera si wa ana okha

Mayi wina wandilembera imelo. Akunyamuka pa ndege ku London kupita ku Seattle, ku America, kukaona mdzukulu, ndipo akufunsa ngati alipire ndalama yapadera kuti akhale pazenera, komanso mbali iti. Mwana wawo wawauza kuti n'kutaya ndalama, pansipo ndi madzi okhaokha.

Mayi, mawu a mwana wanuwo andipweteka mtima. Anthu ambiri amalankhula choncho, koma ulendo wa ku Seattle madzi ake ndi ochepa. Dziko ndi lozungulira, choncho njira yachidule imakhotera kumpoto: Scotland, kufupi ndi Iceland, kenako pamwamba penipeni pa chilumba chachikulu cha Greenland, n'kutsikira ku Canada.

Ine njira imeneyi ndinaidutsa pa Boeing 787. Mazenera a ndege imeneyi alibe chotsekera, amadetsedwa ndi batani, ndipo ogwira ntchito mundege amatha kuwadetsa onse nthawi imodzi. Titangodya anatero. Kunja kuli dzuwa lamasana, mkati muli mdima, aliyense maso pa filimu. Mapu a pampando akuonetsa kuti Greenland yayandikira, batani langa silikuyankha. Ndinaitana mtsikana wina wogwira ntchito n'kumupempha mwaulemu. Anazengereza, koma anatsegula.

Zimene ndinaona sindinazionepo kwina. Mapiri akuda otuluka m'chipale chofewa, mitsinje ya madzi oundana ikutsetserekera kunyanja, zibuma zoyera zikuyandama m'madzi obiriwira. Titalowa mkati mwa chilumbacho panalibenso phiri kapena mwala, kuyera kokhakokha mpaka pothera maso. Madzi oundana amenewo pena amakhuthala makilomita atatu. Ndinakumbuka agogo anga, amene kuzizira kwakukulu kumene ankakudziwa kunali kwa Juni ku Dedza, ndipo misozi inalengeza.

Bambo amene ndinakhala naye anadandaula kuti kuwala kukusokoneza filimu yake. Ndinadetsa pang'ono, koma sindinatseke. Ndipo lero ndikunena mosabisa: kusandutsa masana kukhala usiku pa ulendo wamasana n'kulakwa. Filimu mudzaipeza kunyumba. Usiku ndi nkhani ina, anthu agone, zenera litsekedwe. Koma munthu walipira mpando kuti aone dziko kuchokera pamtunda wa makilomita oposa 10, ndiye azichita kupempha ngati akuba? Ife tinaleredwa kuti tisamavutitse anthu, ulemu umenewo ndi wabwino, koma umatilanda zambiri. Wina akangoti "tisinthane mipando," timangonyamuka, mtima ukukana. Mayi, mukhoza kukana mwaulemu. Mpandowo ndi wanu.

Vuto la pazenera lilipo ndithu. Ulendowu ndi wa maola pafupifupi 10, ndipo kupita kuchimbudzi n'kudzutsa anzanu. Adzutseni. Kukhala osasuntha nthawi yaitali kumatha kuundanitsa magazi m'miyendo, ndiye musasiye kumwa madzi poopa kuimirira. Ngati muli ndi vuto la miyendo kapena la chikhodzodzo, pamenepo ndivomera kuti mpando wa kukanjira ndi wabwino.

Mbali iti tsono?

Popita, khalani kudzanja lamanja. Zenera limayang'ana kumpoto, dzuwa lili kumbali inayo, simuthobwa m'maso. Pewani mizere ya pamwamba pa phiko, onani mapu a mipando posankha, chifukwa mizere ina ilibe zenera n'komwe. Mitambo palibe amene angakulonjezeni, ndipo njira imasintha tsiku ndi tsiku malinga ndi mphepo. Amene akupita ku New York asayembekezere zambiri, njira yawo imadutsa cha kummwera, Greenland amaiona mwa apo ndi apo.

Pobwerera mumauluka usiku, kumpoto kumakhala kumanzere, ndipo m'miyezi yozizira ya kumeneko mukhoza kuona kuwala kobiriwira kwa mumlengalenga kotchedwa aurora. Koma ndege zambiri zimatera pa bwalo la ndege la Heathrow zitadutsa pamwamba pa London kuchokera kummawa, ndipo mtsinje wa Thames ndi mlatho wa Tower Bridge zimaoneka bwino kumanja. Ngati mukubwerera pakati pa Okutobala ndi Malichi sankhani kumanzere, miyezi ina kumanja.