Dizilo wotsala mu thanki ya motorhome: musapope, yendani naye

Achimwene, mwati sabata yamawa mukukapereka motorhome yanu (galimoto yokhala ndi kanyumba kogonamo) ya Fiat Ducato kwa ogulitsa magalimoto kuti muwonjezere ndalama n'kutenga ina, koma thanki yatsala pang'ono kudzaza, ndiye mukufunsa mmene mungapopere dizilo ameneyo kuti muthire m'galimoto yanu yaing'ono. Mtima umenewo ndikuumvetsa, mafuta kuno ku UK si otchipa ndipo palibe amene amafuna kupereka zaulere kwa munthu amene akumudyera kale phindu. Koma langizo langa ndi lakuti musapope.

Tiyambe ndi masamu. Ma Ducato ambiri amakhala ndi thanki ya malita 90, ena atsopanowa 75. Tinene kuti yanu ndi ya 90 ndipo muli malita 70. Simungachotse onse, chifukwa galimoto iyenera kuyenda yokha mpaka kwa ogulawo, iwonso akailiza ndi kuiyesa pamsewu. Mukasiya kota, otuluka ndi malita 45 kapena 50. Lita ikakhala pa £1.50, ndalama yake ndi cha m'ma £70. Tsono ikani £70 imeneyo pambali pa mtengo umene akukupatsani pa motorhome yonse, muone ngati n'koyenera kuika mtengowo pachiswe.

Ena amanena kuti ingolowetsani paipi ndi kuyamwa ndi pakamwa. Ambirife tinaziona kumudzi nthawi imene mafuta ankasowa, mu 2011 ndi 2012 muja komanso zaka zapitazi: munthu wagwada pambali pa minibasi, paipi kukamwa, chigubu pansi. Pa magalimoto akale zinkatheka chifukwa khosi la thanki linali lotseguka mpaka pansi. Pa magalimoto a masiku ano khosilo ndi lopindika, ndipo ambiri ali ndi kavalavu kapena kasefa kotchinga kuti mafuta asatayike galimoto ikagubuduka, komanso kuti akuba asapope. Paipi imalowa pang'ono n'kuima. Mukaikankha mwamphamvu imatha kukodwa, ndipo poizula mumathyola kavalavu ka mkati kaja. Ikadutsa n'kufika mu thanki imatha kupinda kawaya koyandama kamene kamayendetsa geji, mawa lake geji n'kumanama. Wogula akaona zimenezi podula mtengo sadula £70 yokha ayi.

Za kuyamwa ndi pakamwazo, chonde musayerekeze. Choopsa kwambiri si kumeza kokha, koma dizilo akapita njira ya mpweya n'kulowa m'mapapo, amayambitsa chibayo choopsa chimene chimatha kuonekera patapita maola. Zikachitikira munthu, asadzisanzitse, chifukwa posanza m'pamene mafuta amalowera m'mapapo. Aimbe 111, nambala ya malangizo a zachipatala, kapena 999, ya zadzidzidzi, ngati akubanika.

Njira ina imene anthu amakonda kunena ndi yomasula paipi pa fyuluta ya mafuta n'kutembenuza kiyi kuti pampu ya mu thanki izitulutsa yokha. Amakaniko amachitadi zimenezi, koma amakhala ndi zida zake. Mukangotembenuza kiyi osaliza injini, pampuyo imagwira masekondi ochepa n'kuzima, ndiye mudzatembenuza kambirimbiri kuti chigubu chimodzi chidzaze, batire likutha. Kenako mpweya umalowa m'mapaipi, injini n'kumavuta kulira, mwinanso nyali ya chenjezo n'kuyaka pa dashibodi. Pampu yaikulu ya injini zimenezi imadalira dizilo yemweyo kuti isakhulane mkati, choncho kuiyendetsa youma n'kuiwononga, ndipo kukonzetsa kwake n'kodula kwambiri. Mapaipi achitsulo opita ku ma injekita (tizipangizo topemerera mafuta mu injini) okha musawakhudze n'komwe: mphamvu ya mafuta mmenemo imaposa ma bar 1,500, moti kadontho kotuluka pamenepo kamaboola khungu. Pansi pa thanki musavutike kufunafuna bawuti yotsegula, mathanki ambiri a pulasitikiwa alibe.

Ndiye mutani? Yendani naye dizilo ameneyo. Motorhome ya msinkhu umenewo imamwa malita cha m'ma 10 pa makilomita 100 alionse, kutengera katundu ndi phazi la woyendetsa. Kuchoka ku London kupita ku Manchester ndi makilomita opitirira pang'ono 300, ndiye kupita ndi kubwerera kumamwa malita opitirira 60, kuposa amene mukufuna kutsitsa, choncho ulendo waufupiko kuposa pamenepo ukwanira. Muli ndi Loweruka ndi Lamlungu limodzi musanaipereke. Tengani alamu ndi ana mukagone kumapiri a ku Peak District kapena kunyanja ku Wales, kaya kukaona abale amene mwakhala mukuwalonjeza. Maulendo a kuntchito sabata ino muziyenda pa motorhome yomweyo ngati malo oimika alipo, galimoto yaing'onoyo ipume. Mafuta amene simunagule a galimoto yaing'ono ndi ndalama yomweyo imene mumafuna kupulumutsa. Ngati chotenthetsera m'nyumbamo ndi cha dizilo, monga Webasto kapena Eberspächer, chimamwa mu thanki yomweyo, ngakhale kuti chimamwa pang'ono. Kawirikawiri paipi yake saifikitsa pansi penipeni, kuti chisakumalizireni mafuta muli m'tulo. Ichi n'chifukwa chinanso chosiyira kota: wogula akafuna kuchiyesa thanki ili pansi sichiyaka, iye n'kulemba kuti n'chowonongeka.

Ngati nthawi ya ulendo palibe, kambiranani. Jambulani geji pa foni, muwaimbire lero, muwauze kuti mukubweretsa galimoto ili ndi mafuta ochuluka chonchi ndipo mukupempha kuti imene mukutengayo ikhalenso ndi mafuta ofanana. Pa malonda aakulu chonchi pempho limeneli ndi laling'ono, ndipo wogulitsa amene akufuna musaine savuta nalo. Akavomera alembe pa pepala la mgwirizano, zapakamwa zimaiwalika tsiku lotenga makiyi. Muwerengenso pepalalo ngati silikunena kuchuluka kwa mafuta amene muyenera kusiya.

Pali ndalama zina zimene anthu amaziiwala maso ali pa thanki. Mukadziwitsa a DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, kuti galimoto mwaipereka kwa ogulitsa, pogwiritsa ntchito V5C yanu, chikalata cholembetsera galimotoyo, amakubwezerani msonkho wa pamsewu wa miyezi yathunthu imene yatsala. Imbiraninso a inshuwalansi asinthe kapena aimitse. Mabotolo a gasi, zingwe za magetsi ndi zina zimene munagula nokha, ngati sizili pa mgwirizano, tsitsani mukagwiritse ntchito mu inayo.

Mukaona kuti mukufunabe kuchotsa, pitani kwa makaniko amene ali ndi pampu yake, afunseni mtengo kaye, chifukwa nthawi zambiri malipiro ake amadya gawo lalikulu la £70 ija. Mafutawo alowe m'zigubu zopangidwira mafuta, osati za madzi kapena za mafuta ophikira, ndipo muwagwiritse ntchito msanga, poti dizilo wa kuno amasakaniza ndi biodiesel (dizilo wopangidwa kuchokera ku mafuta a zomera kapena a nyama) mpaka 7 peresenti ndipo akakhalitsa amakoka chinyezi n'kuchita ndere. Akatayikira pansi thirani mchenga n'kuwola, osatsukira mu ngalande ya mumsewu, umenewo ndi mlandu. Simunatiuzenso ngati galimoto yaing'onoyo ndi ya dizilo. Ngati ndi ya petulo, mafuta amenewa asaiyandikire.