Trip unit yatsopano pa breaker yakale imathandiza, koma yambani mwaiyeza breaker yeniyeniyo

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati ku fakitale kwanu muli ndi ma breaker a m'ma 1970 aja okoka pa njanji, main (breaker yaikulu yolandira magetsi onse) ya 1600 A ndi ma feeder (ma breaker ogawira magetsi ku zigawo za fakitale) a 600 A, ndipo shoti ikachitika pa feeder imodzi, imene ikugwa ndi main, fakitale yonse n'kukhala mu mdima. Wina wakulangizani kuti muchotse zida zakale zogwetsera breaker n'kuikamo trip unit ya electronic, ndiye mukufuna kudziwa ngati zimenezi n'zothandiza kapena bola kungogula switchgear yatsopano, kutanthauza bolodi yonse ndi ma breaker ake.

N'zothandiza, ndipo ntchito imeneyi ndaigwirapo kangapo. Koma ndikupemphani kuti musathamangire kuitanitsa kit, paketi ya trip unit ndi zida zoyendera nayo, musanadziwe mmene breaker yanuyo ilili m'kati, chifukwa trip unit imangolamula kuti tsegula. Amene amatsegula ndi sipuling'i, latch (kachitsulo kogwira breaker kuti ikhale yotseka) ndi zitsulo zomwe zakhala mmenemo zaka pafupifupi 50.

Ndiyambe ndi chimene chikukuvutitsani. Ma breaker a nthawi imeneyo, monga AK a General Electric, DB a Westinghouse ndi K-Line a ITE, ambiri ankabwera ndi koyilo pa phase iliyonse, yomwe magetsi onse amadutsamo. Magetsi akachuluka, koyiloyo imakoka kachitsulo, ndipo kuti kasakoke msanga, anaikapo kapoto kakang'ono kotchedwa dashpot, kena ka mafuta, kena ka mpweya. Nthawi imene breaker idikire isanagwe imadalira kapoto kameneka. Tsono mafuta kukatentha amapyapyala, kukazizira amalemera, ndipo zaka zikachuluka amadontha, amauma kapena kusanduka phala. Labala ya m'kati nayo imang'ambika. Ndiye mupeza phase imodzi ikugwetsa breaker msanga kwambiri, ina ikuchedwa, ina siikoka n'komwe. Pepala la curve limene muli nalo mu ofesi, losonyeza nthawi imene breaker imadikira malinga ndi kuchuluka kwa magetsi, likunena za breaker ya tsiku limene inachoka kwa opanga, osati imene ili m'chipinda chanu lero. N'kutheka ndithu kuti main yanu ilibe mlandu: feeder ndi imene yaleka kugwa, ndipo main ikugwira ntchito ya mnzake. Zimenezi n'zoopsa kuposa kuthima kwa magetsi kumene mukudandaula nako.

Kit imachotsa zonsezo. Pamalo pa makoyilo aja pamalowa timipiringidzo ta kopa ndi ma CT, omwe amayeza magetsi pa phase iliyonse. Trip unit imawerenga zimene ma CT akuona, ndipo ikaona kuti zafika poipa imatumiza mphamvu pang'ono ku actuator, kachida kokhala ndi maginito ndi sipuling'i komwe kamamenya trip bar, chitsulo chomasula latch kuti breaker itseguke. Mphamvu yotetezera imachokera ku ma CT omwewo, choncho ngakhale mabatire a m'chipinda atafa, breaker igwabe. Mayina amene mungakumane nawo ndi AC-PRO ya Utility Relay Company, Digitrip ya Eaton ndi MicroVersaTrip yomwe inkapangidwa ndi General Electric. Sindikusankhirani, koma onetsetsani kuti kit inapangidwira mtundu weniweni wa breaker yanu, osati yoti amisiri akachite kusula mabulaketi pamalopo. Muyezo wa IEEE C37.59 ndi umene umanena mmene kusintha kotere kuyenera kutsimikizidwira, ndipo wogulitsa wabwino sangakwiye mukamufunsa za umenewo.

Mukatero mumapeza ma setting anayi aja otchedwa LSIG. L ndi ya katundu wochuluka pang'ono amene amatenthetsa waya mwapang'onopang'ono. S ndi ya shoti, koma imadikira kachigawo ka sekondi, tinene 0.1 mpaka 0.4, kuti breaker ya kumunsi iyambe ndiyo kugwa. I ndi yogwetsa nthawi yomweyo osadikira. G ndi ya magetsi othawira pansi. S imeneyo ndi imene ingathetse vuto lanu, chifukwa mungathe kuuza main kuti idekhe pang'ono feeder ichite zake. Ma trip unit amakono amayezanso true RMS, kutanthauza kuchuluka kwenikweni kwa magetsi ngakhale funde lake litapindika. Ngati mwaika ma VFD (zida zosinthira liwiro la mota), ma UPS (zida zopereka magetsi akathima) kapena makina owotcherera ambiri, funde la magetsi limakhala lopindikapindika chifukwa cha ma harmonic, ndipo zida za electronic zoyambirira zomwe zinkangoona nsonga ya funde zinkagwetsa breaker popanda chifukwa. Choncho ngakhale amene ali ndi zida za electronic za mbadwo woyambawo nkhaniyi ikuwakhudza. Chinanso chimene ine ndimachikonda kwambiri n'chakuti breaker ikagwa, kasikirini kamakuuzani chimene chaigwetsa, phase yake ndi ma amp ake. Amene anayendapo usiku ndi tochi kufunafuna chomwe chathimitsa fakitale akudziwa kufunika kwa zimenezi.

Tsopano pamene ndikufuna tikhalepo nthawi. Trip unit siikweza mphamvu ya breaker yodula shoti ngakhale pang'ono. Nambala ya kA (masauzande a ma amp a shoti amene breaker ingadule) imene ili pa nameplate imakhala yomweyo. Funsani kuti chiyikireni switchgear imeneyo, thiransifoma inasinthidwapo kapena ayi. Thiransifoma ya 1000 kVA pa 400 V imapereka pafupifupi 1,440 A, ndipo ngati impedance yake, imene imachepetsa kukula kwa shoti, ndi 5 peresenti, shoti ya pafupi nayo ingafike cha m'ma 29 kA. Mukaikapo ya 1600 kVA ya 6 peresenti, mwakwera kufika cha m'ma 38 kA, osawerengera zimene ma mota akuluakulu amawonjezera pa nthawi ya shoti. Ngati fakitale inakula ndipo palibe amene anawerengeranso, mwina ma feeder anu anachepa kalekale, ndipo apo kit singakupulumutseni.

Pali msampha wina umene umakola anthu ambiri. Pofuna kuti ma breaker azigwa mwadongosolo, munthu amazimitsa I n'kusiya S yokha. Koma breaker imene ikudikira ikusenza shoti yonse nthawi yodikirayo, ndipo mphamvu yake yopirira nthawi zina ndi yochepa kuposa yodula. Pa ma breaker a muyezo wa ANSI, frame ya 600 A pa 480 V imadula 30 kA ikakhala ndi I, koma 22 kA yokha I ikachotsedwa. Amene muli ndi ma breaker a IEC 60947-2, yerekezani Icu (mphamvu yodula) ndi Icw (mphamvu yopirira) pa nameplate, nkhani yake ndi yomweyo. N'chifukwa chake ma setting sachokera m'mutu mwa munthu amene wagwira screwdriver. Pafunika injiniya awerengere kukula kwa shoti pamalo aliwonse, ajambule ma curve onse pa pepala limodzi kuyambira fyuzi kapena relay ya kumtunda kwa thiransifoma mpaka breaker yaing'ono ya kumunsi, kenaka alembe ma setting n'kusainira. Mukakhala ndi jenereta muuzeni, chifukwa shoti ya pa jenereta ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi ya pa thiransifoma, ndipo setting yokwera imene ili bwino pa magetsi a masiku onse mwina singaione n'komwe.

Kudikira kwa S kuli ndi mtengo wakenso pa thupi la munthu. Moto wa arc flash, lawi lija lophulika shoti ikadutsa mu mpweya, umakula malinga ndi nthawi imene breaker yatenga kuti itsegule, ndiye mukachedwetsa main, mmisiri amene waima patsogolo pa bolodi ndi amene mwamuwonjezera ngozi. Pamenepa musaumire. Tengani trip unit yokhala ndi maintenance switch, yoti munthu asanayambe ntchito aitembenuze, breaker izigwa mwamsangamsanga, akamaliza aibweze. Ku America, gawo 240.87 la NEC limafuna njira yochepetsera moto umenewu pa ma breaker a 1200 A kupita m'mwamba, ndipo mawerengedwe ake ambiri amatsatira IEEE 1584. Ngakhale lamulo la kwanu lisakukakamizeni, khungu la munthu limapsa chimodzimodzi. Ilipo njira ina yotchedwa zone selective interlocking, pamene feeder imauza main pa waya kuti shoti iyi ndaiona, dikirani, ndipo main ikapanda kuuzidwa imagwa osachedwa. Ndi yabwino, kungoti imafuna mawaya owonjezera pakati pa ma cubicle.

Za thupi la breaker: itulutseni, muichotse ma arc chute (zophimba zozimitsira moto wa pa ma contact), muione ndi maso. Girizi wakale amauma ngati sera, ndipo latch yomata ndi girizi wotere ingachedwe kapena kukana ngakhale actuator itamenya bwinobwino. Afunika kuchotsedwa yense, papakidwe amene opanga analemba, osati mafuta opopera aja amene amafewetsa lero n'kuuma mwezi wamawa. Yezani ma contact ndi makina otchedwa ductor, yezani insulation ndi ena otchedwa megger, onani zala za kumbuyo zolumikizira ku basibala (mipiringidzo yonyamula magetsi m'bolodi) ngati zasintha mtundu chifukwa cha kutentha. Ma arc chute ena a zaka zimenezo ali ndi asbestos, choncho musawapope ndi mpweya kapena kuwapala. Mukapeza ming'alu pa insulation, frame yopindika, kapena zida zosinthira sizikupezekanso, isiyeni. Alipo ma breaker atsopano opangidwa kuti alowe mu cubicle yakale yomweyo, ndipo mabasibala ndi makebulo amakhala osakhudzidwa. Switchgear yonse muisinthe pokhapokha ngati mabasibalawo atha kapena kA yapitirira.

Pa G ndipamene ndinaonapo zovuta kwambiri. Ngati muli ndi mawaya anayi, pafunika CT yachinayi pa neutral, ndipo iyenera kuyang'ana mbali yolondola. Pa fakitale ina tinaitanidwa chifukwa breaker yongokonzedwa kumene inkagwa madzulo aliwonse akayatsa magetsi ounikira. Anthu anali atayamba kunena kuti kit ndi yachinyengo. Titafufuza tinapeza kuti CT ya neutral anaiika chozondoka, ndiye magetsi obwerera pa neutral m'malo mochotsedwa ankawonjezedwa, trip unit n'kumaona ngati akuthawira pansi. Chimene chinandiwawa n'chakuti wina anali atakonzeka kuzimitsa G yonse kuti ntchito iziyenda. Ngati bolodi yanu ili ndi mathiransifoma awiri ndi bus coupler, breaker yolumikiza mbali ziwiri za bolodi, kapena neutral yalumikizidwa pansi pamalo oposa amodzi, G imafuna kuiganizira mwapadera, apo ayi izikunamizani. Ndipo mukumbutse aliyense wogwira mawaya kuti CT siisiyidwa yotseguka magetsi akudutsa.

Ntchito ikatha, musalandire breaker imene yangoyezedwa ndi kabokosi kolumikiza pa trip unit. Secondary injection imeneyo imatsimikiza kuti trip unit ikuwerenga bwino, basi. Siiona CT yolumikizidwa pa tap (polumikizira) yolakwika, waya wosinthana, kapena actuator imene siikufika pa trip bar. Umirirani primary injection, pamene makina amathira magetsi ochuluka enieni pa phase iliyonse payokha, mwachitsanzo katatu ka setting ya L, n'kuwerenga masekondi mpaka breaker itatsegula, kenaka S, I ndi G chimodzimodzi. Mukhalepo nokha tsiku limenelo, muone breaker ikugwa, muonenso kuti actuator ikubwerera m'malo mwake breaker ikatseguka, chifukwa ikapanda kubwerera breaker sidzatsekanso. Zotsatira zilembedwe pamodzi ndi ma setting, pepala lina likhale pa chitseko cha cubicle, ndipo trip unit itsekedwe ndi pasiwedi kapena seal kuti wa shifiti ya usiku asakweze nambala breaker ikamuvuta.

Popeza anu ndi okoka pa njanji, simufunika kuthimitsa fakitale yonse. Ngati muli ndi breaker yapadera, yambani ndi imeneyo, muilowetse pamalo pa ina, yotulukayo ikonzedwe, muzipita choncho imodziimodzi. Ine ndikanayamba ndi feeder imene ikukana kugwayo sabata ino, ndikuiyeza ndi primary injection mmene ililimo, kit isanabwere n'komwe. Tumizani pano chithunzi cha nameplate ya main, ya feeder imodzi ndi ya thiransifoma, munenenso ngati bolodi ndi ya mawaya atatu kapena anayi, tione limodzi ngati kA yake ikukwanira.